Pepala langa lakanidwa pa chifukwa cholakwika: ndichite apilo kapena ndikadandaule?

Funso: Ndine mphunzitsi pa yunivesite ina muno mu Lusaka. Ndinatumiza ku magazini ina ya kunja yosindikiza kafukufuku pepala la kafukufuku wanga wokhudza odwala matenda othamanga magazi amene amasiya kumwa mankhwala m'zipatala za m'makomboni. Patatha miyezi 7 andiyankha kuti alikana. Wowunika woyamba, mwa akatswiri awiri amene magaziniyo inawapatsa pepalalo kuti aliwunike, anati ndi labwino, longofunika kukonza pang'ono. Wachiwiri analemba kuti kafukufukuyu analibe chilolezo cha komiti yoteteza anthu otenga nawo mbali pa kafukufuku, chonsecho nambala ya chilolezo ili pa tsamba 4. Anatinso m'pepala langa nditchule mapepala ena 5, onse a munthu mmodzi, amene ndikumuganizira kuti ndiye wowunikayo. Ndikufuna kulembera mkonzi kalata yamphamvu, komanso kutumiza pepalali kwina pamene ndikudikira yankho, chifukwa nthawi yopempha kukwezedwa pantchito yayandikira. Ndichite bwanji?

Yankho: Amayi, m'funso lanu muli nkhani ziwiri zosiyana, ndipo ndikupempheni kuti muzilekanitse musanalembe chilichonse, chifukwa mukaziphatikiza m'kalata imodzi zonse ziwiri zidzafooka. Nkhani yoyamba ndi yakuti chigamulo chokana pepala lanu chinatsamira pa mfundo yolakwika, ndipo mukufuna kuti chiwunikidwenso. Imeneyi ndi apilo. Yachiwiri ndi yakuti zinthu sizinayende moyenera, kunena za kuchedwa kwa miyezi 7 ndi khalidwe la wowunika wofuna kuti mutchule mapepala a munthu mmodzi; ili ndi dandaulo. Apilo ikapambana, pepala limabwereranso pa tebulo la mkonzi. Dandaulo likamveka, magazini imapepesa, imakonza kayendetsedwe kake, mwina imasiya kugwiritsa ntchito wowunika uja, koma pepala lanu limakhalabe lokanidwa. Kuchedwa kwawo, ngakhale kukupwetekeni chotani, sikuwonjezera kanthu pa ubwino wa kafukufuku wanu, ndipo mkonzi aliyense wodziwa ntchito amadziwa zimenezi.

Tiyambe ndi apilo, popeza ndi pamene pagona tsogolo la pepalali. Olemba ambiri amaganiza kuti owunika ndiwo amakana pepala, ngati kuti amaponya voti, mmodzi kuvomera wina kukana. Sizili choncho. Owunika amangolangiza, wogamula ndi mkonzi, ndipo ali ndi ufulu wokana pepala limene owunika onse alikonda kapena kulandira limene mmodzi walinyoza. Dziwaninso kuti m'magazini ambiri wowunika amadzaza mbali ziwiri: ndemanga zopita kwa wolemba, ndi ndemanga zachinsinsi zopita kwa mkonzi yekha, zimene inu simuziona. Zimachitika kuti wowunika amene kwa inu walemba mwaulemu kuti pepala lingofunika kukonza pang'ono, kwa mkonzi walemba kuti silikubweretsa chatsopano. Choncho musadalire kwambiri wowunika woyambayo ngati mboni yanu. Bwererani ku kalata ya mkonzi mwiniwake, ndime ija imene imakhala pamwamba pa ndemanga za owunika, muiwerenge modekha kawiri katatu, mupeze chifukwa chimene iye watchula.

Ngati mkonzi walemba kuti nkhani yanu siikugwirizana ndi owerenga magazini yawo, kapena kuti alandira mapepala ambiri ndipo lanu silinafike pa mlingo wa amene asankha, apilo ili ndi mwayi wochepa kwambiri. Chimenecho ndi chigamulo cha kukonda ndi kusankha, ndipo palibe umboni umene mungabweretse woonetsa kuti mkonzi walakwitsa pa zimene owerenga ake amafuna. Koma ngati walemba kuti wakana makamaka chifukwa cha nkhawa ya chilolezo, kapena wangoti wakana potsatira ndemanga za owunika ndipo nkhani ya chilolezo ndiyo yaikulu mwa ndemangazo, muli ndi pogwira penipeni. Apilo ya kumagazini imafanana ndi ya kukhoti: bwalo lalikulu silizenganso mlandu wonse kuyambira pachiyambi chifukwa chakuti wogonja sanakondwe, limafuna kuonetsedwa pamene bwalo laling'ono linaphonya, ndi kuti kuphonyako kunasintha chigamulo. Mfundo zimene zimamveka ndi zitatu kapena zinayi basi: wowunika wanena chinthu chosemphana ndi zimene zalembedwa m'pepala, wowunika walakwitsa pa luso, monga kudzudzula njira yowerengera imene ili yoyenera, muli ndi zotsatira zatsopano zoyankha nkhawa yaikulu, kapena pali umboni wogwirika wakuti wina mwa ogamula anali ndi mbali pa nkhaniyo.

Musanathamangire kunena kuti wowunika sanawerenge tsamba 4, chitani chinthu chimodzi chimene ambiri amaiwala. Lowani pa tsamba la intaneti pamene munatumizira pepala, kaya ndi Editorial Manager kapena ScholarOne, mutsegule fayilo ya PDF imene makinawo anapanga, chifukwa imeneyo ndiyo inapita kwa owunika, osati imene ili pa kompyuta yanu. M'magazini amene amabisa maina a olemba kwa owunika, nthawi zina ogwira ntchito mu ofesi, kapena wolemba mnzanu amene anatumiza, amafufuta dzina la komiti ndi nambala ya chilolezo poopa kuti ziulula kumene pepala lachokera, ndipo pamalopo pamangotsala mzere wakuda kapena mpata. Ngati ndi zimene zinachitika, wowunika sananame, ananena zimene anaona, ndipo kalata yanu iyenera kufotokoza zimenezo mopanda kumuimba mlandu. Onaninso ngati chiganizo cha chilolezo chili chokwanira. Kuno kwathu kafukufuku wa zaumoyo amadutsa ku komiti yovomerezeka, monga UNZABREC ya University of Zambia, kenako amalandira chilolezo ku National Health Research Authority, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2013 loyendetsera kafukufuku wa zaumoyo. Wowunika wa ku Ulaya kapena ku Asia sangadziwe ndondomeko imeneyi, ndipo akaona zilembo zachidule ndi nambala yokha, popanda dzina lonse la komiti, tsiku la chilolezo, ndi mawu oonetsa kuti odwala anavomera mwa kufuna kwawo, angakayikire moona mtima. Pa apilo muphatikize makalata onse awiri achilolezo monga anasainidwira, ndi fomu imene odwala anasaina kapena kudindapo chala, yosadzaza. Umboni woterewu mkonzi amauweruza m'mphindi zochepa.

Tsono pali funso lovuta limene muyenera kudzifunsa nokha. Simunandiuze ndemanga zina zonse za wowunika wachiwiri, koma sizichitikachitika kuti wowunika alembe mfundo ziwiri zokha. Tengani ndemanga zonse za owunika awiriwo muziike m'magulu: zolakwika zenizeni, zoona zimene mungakonze m'masabata ochepa, ndi zoona zimene simungakonze popanda kubwerera kuchipatala kukasonkhanitsanso odwala. Ngati m'gulu lomalizali muli chinthu cholemera, monga chakuti odwala anali ochepa kwambiri poyerekeza ndi zimene mukufuna kutsimikiza, kapena chakuti munafunsa okhawo amene anabwera kuchipatala pamene nkhani yanu ndi ya amene anasiya kubwera, mkonzi adzakuyankhani kuti wavomera kuti chilolezo chilipo, apepesa, koma chigamulo sichisintha. Wolemba amene amagwira mfundo imodzi imene wowunika walakwitsa n'kukhala chete pa zinayi zimene walondola amadziwika msanga, ndipo amataya chikhulupiriro cha mkonzi pa mfundo imodzi yomweyo.

Za kalembedwe ka kalata. Choyamba funani ndondomeko ya apilo ya magazini imeneyo, imene imapezeka pa malangizo a olemba kapena pa tsamba la mfundo za kampani yosindikiza. Malangizo a ICMJE, gulu la akonzi a magazini a zachipatala limene linayambira ku Vancouver mu 1978, amati magazini izifotokoza poyera njira yake ya apilo ndi kukhala ndi dongosolo loyankhira madandaulo, ndipo bungwe la COPE, loona za chilungamo pa kusindikiza kafukufuku, pa mfundo zake 10 zimene linatulutsa mu 2017, linaikapo imodzi yokhudza nkhani yomweyi. Ndondomekoyo idzakuuzani kotumiza kalata, ndiponso ngati pali malire a masiku. Magazini ambiri amalola apilo imodzi yokha pa pepala, ndipo yankho lake limakhala lomaliza. Choncho mwayi umenewu musauwononge ndi kalata yolembedwa usiku womwe mwalandira uthenga woipa. Kalata ichokere kwa wolemba amene amalumikizana ndi magazini, olemba anzanu onse atawerenga ndi kuvomera, chifukwa apilo imamanga onse amene maina awo ali pa pepala.

Kalatayo idzakhala m'Chingerezi, koma mzimu wake ukhale wotere: "Tikuthokoza chifukwa cha nthawi imene inu ndi owunika munapereka pa pepala nambala yakutiyakuti. Tikupempha kuti chigamulo chiwunikidwenso pa chifukwa chimodzi. Wowunika wachiwiri walemba kuti kafukufukuyu analibe chilolezo. Chilolezo chinaperekedwa pa tsiku lakuti, chatchulidwa pa tsamba 4, mzere wakuti, ndipo makalata ake taphatikiza. Ndemanga zina zonse taziyankha imodziimodzi m'chikalata chachiwiri, ndipo zambiri tazivomera." Tsamba limodzi likwanira. Chikalata chachiwiricho ndicho chingatalike, ndipo m'menemo ndemanga iliyonse ya wowunika muilembe monga anailembera, pansi pake yankho lanu ndi malo amene mwasintha kapena mudzasinthe. Pamene simukugwirizana naye, perekani chifukwa ndi umboni, osati udindo wanu kapena zaka zimene mwagwira ntchito. Nkhani ya kukwezedwa pantchito isalowemo. Kwa inu ndi yaikulu, ndikumvetsa, koma kwa mkonzi siikhudza funso lakuti pepala ndi loona ndi lofunika kapena ayi, ndipo imamupatsa chithunzi chakuti mukupempha chifundo pamene muli ndi mfundo yoti muime nayo chilili.

Ena adzakuuzani kuti mulembe kuti akukanani chifukwa ndinu wa ku Africa. Sindinena kuti tsankho lotere kulibe. Mu 1982 akatswiri awiri, Douglas Peters ndi Stephen Ceci, anafalitsa zotsatira za kuyesa kumene anachita: anatenga mapepala 12 amene anali atasindikizidwa kale m'magazini otchuka a maphunziro a maganizo a munthu, anasintha maina a olemba ndi kuchotsa maina a mayunivesite otchuka n'kuikapo maina ongopeka, ndipo anawatumizanso ku magazini omwewo. Atatu okha ndi amene anazindikiridwa kuti ndi obwereza, ndipo mwa 9 otsalawo, 8 anakanidwa. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene magazini ena amabisira maina a olemba. Koma chimene chingaonetsedwe pa mapepala ambiri sichingatsimikizidwe pa pepala limodzi, ndipo mukachilemba popanda umboni mkonzi amayamba kudziteteza m'malo moyang'ana tsamba 4. Mphamvu yanu ili pa chinthu chimene aliyense angachione ndi maso, ndipo musachikwirire ndi zinthu zimene simungazionetse.

Apilo ikafika, m'magazini oyendetsedwa bwino imapita kwa mkonzi wamkulu kapena kwa mkonzi wina amene sanatenge mbali pa chigamulo choyamba, ngakhale kuti amafunsanso maganizo a uja anagwira pepala poyamba. Iye angachite zinthu zingapo: kukana apilo pomwepo, kubwezera yankho lanu kwa wowunika yemwe uja kuti aonenso, kapena kuitana wowunika watsopano. Muzindikire kuti kupambana apilo si kulandiridwa kwa pepala. Ndi kutsegulidwanso kwa ntchito yowunika, ndipo wowunika wachitatu angabwere ndi nkhawa zimene awiri oyamba sanaziganize. Komanso akonzi amaika patsogolo mapepala atsopano, kotero kuti yankho la apilo lingatenge masabata angapo kapena miyezi. Ma apilo ambiri sapambana, ndipo chifukwa chachikulu n'chakuti ambiri amangonena kuti wolemba sakugwirizana ndi chigamulo. Yanu ndi yosiyana ndi amenewo ngati zimene mwandiuza zatsimikizika mutatsegula fayilo ija.

Tibwere ku dandaulo. Wowunika kupempha kuti mutchule mapepala ena si mlandu pakokha. Nthawi zambiri ndi thandizo, chifukwa amadziwa zolembedwa zimene inu munaziphonya, ndipo poti amasankhidwa chifukwa ndi katswiri pa nkhaniyo, si zachilendo kuti zina mwa izo zikhale zake. Choncho yambani mwawerenga mapepala 5 amenewo. Ngati awiri akukhudzadi odwala osiya mankhwala, atchuleni. Ngati ena akukamba zinthu zosakhudzana ndi funso lanu, ndipo wowunika sanafotokoze chifukwa chake akufunika, pamenepo pali vuto limene COPE imaliwerengera m'gulu la chinyengo: kukakamiza olemba kutchula ntchito zako kuti chiwerengero cha okutchula chikwere, poti chiwerengerocho chimathandiza pa kukwezedwa ndi pa kupeza ndalama za kafukufuku. Lembani kwa mkonzi, padera ndi apilo, mawu ochepa onena zimene zachitika: kuti wowunika wachiwiri wapempha mapepala 5, kuti onse ali ndi wolemba mmodzi, kuti mwawawerenga ndipo atatu simukuona kugwirizana kwake ndi kafukufuku wanu, ndipo mukupempha mkonzi aone ngati pempholi lili loyenera. Musatchule dzina la amene mukumuganizira. Mkonzi amadziwa kale amene anawunika, ndipo akaona dzina pa mapepala asanuwo adzamvetsa yekha. Inu mukatchula ndipo mwaphonya, mwanamizira munthu wosalakwa, ndipo olemba amaphonya kawirikawiri pa kulota kotereku. Musayembekezenso kuti adzakuuzani amene anali wowunika kapena chilango chimene wapatsidwa. Chinsinsi cha owunika chimasungidwa ngakhale pamene alakwa.

Za miyezi 7 sindichedwapo. Owunika salipidwa m'magazini ambiri, ndipo mkonzi angapemphe anthu ochuluka asanapeze awiri ovomera, makamaka pa nkhani ya dera limene akatswiri a kunja salidziwa. Dandaulo la kuchedwa limakhala ndi mphamvu ngati munalemba kufunsa ndipo sanakuyankheni, kapena ngati nthawi inapitirira kwambiri imene iwo eni amalonjeza pa tsamba lawo. Limathandizanso kwambiri likalembedwa pepala lidakali m'manja mwawo kusiyana ndi pamene chigamulo chatuluka kale. Panopa mungalitchule m'chiganizo chimodzi m'kalata ya dandaulo, basi.

Ngati dandaulo silinayankhidwe, kapena likukhudza mkonzi wamkulu mwiniwake, pali makwerero. Pamwamba pa mkonzi pali mwini magazini, amene angakhale kampani yosindikiza kapena bungwe la akatswiri, ndipo makampani akuluakulu ali ndi magulu oona za chilungamo pa kafukufuku amene amalandira nkhani zoterezi. Magazini ochepa ali ndi mkhalapakati woima payekha. Magazini ya zachipatala ya The Lancet inakhazikitsa udindo woterewu mu 1996, ndipo ntchito yake ndi kuona madandaulo a kayendetsedwe, monga kuchedwa ndi mwano, osati kuweruza ngati pepala linayenera kulandiridwa. Pomaliza pali COPE, imene inayambitsidwa mu 1997 ku Britain ndi akonzi ochepa a magazini a zachipatala ndipo lero ili ndi mamembala m'maiko ambiri. Anthu amaiyesa khoti lalikulu la magazini, koma siitero. Imalandira nkhani zokhudza mamembala ake okha, pambuyo poti wodandaula wayesa njira za magazini ndi za wosindikiza, ndipo chimene imafunsa ndi chakuti kodi ndondomeko yoyenera inatsatidwa. Siilamula mkonzi kusindikiza pepala, ndipo siiweruza ngati ziwerengero zanu zili zolondola. Pa nkhani yanu, ndingadabwe mutafunika kufika kumeneko. Ndipo kulemba za mkanganowu pa Facebook kapena pa magulu a WhatsApp a aphunzitsi anzanu, makamaka motchula munthu, kungakubweretsereni mlandu woipitsa mbiri ya wina pamene nkhani ikanatha ndi imelo imodzi.

Pali mtundu wina wa dandaulo umene simunautchule koma umatsatira kukayikira kotere: mantha akuti wowunika angakane pepala kuti atenge maganizo ake. Zikachitika, umboni wake ndi masiku, ndiye chifukwa chake muyenera kusunga imelo yotsimikiza tsiku limene munatumiza, fayilo yeniyeni imene inapita, ndi makalata onse. Njira ina yodzitetezera ndi kuika pepala poyera lisanawunikidwe pa malo ngati medRxiv, amene anatsegulidwa mu 2019 kaamba ka kafukufuku wa zaumoyo. Pamenepo limalandira tsiku limene aliyense angalione. Magazini ambiri amalola zimenezi, koma onani malangizo a imene mukufuna kutumizako musanachite.

Ndipatuke pang'ono, poti mwina tsiku lina mudzapemphedwa kukhala mkonzi wa magazini ya kuno kwathu. Vuto lathu ndi losiyana ndi la magazini akuluakulu. Akatswiri a nthambi imodzi mu Lusaka ndi ochepa ndipo amadziwana. Amene akuwunika pepala lako lero ndi amene anakuphunzitsa ku sukulu ya zachipatala ya ku Ridgeway, kapena mudzakhala naye pa komiti sabata yamawa. Tinaleredwa kuti wamkulu satsutsidwa pamaso, kotero kuti wolemba wachinyamata amameza cholakwa choonekeratu m'malo molemba apilo, ndipo akalimba mtima n'kulemba, mkonzi amachimva ngati mwano. Mankhwala ake ndi ndondomeko yolembedwa ndi yoikidwa poyera, yonena kotumiza apilo, amene adzaione, nthawi yoyankhira, ndi kumene dandaulo lokhudza mkonzi wamkulu lipite, kuti asakhale woweruza mlandu wake womwe. Zikalembedwa chotero, apilo imakhala ntchito wamba ya mu ofesi, osati kulimbana kwa anthu awiri. African Journals Online, imene inayamba mu 1998 ndipo imasunga magazini ambiri a mu Africa kuphatikizapo Medical Journal of Zambia ndi Malawi Medical Journal, ili ndi njira yoyezera kayendetsedwe ka magazini, ndipo kulongosola poyera mfundo za magazini ndi mbali ya zimene zimayang'anidwa. Ndimaona kuti magazini yaing'ono imene imayankha apilo mwadongosolo imapeza ulemu woposa umene ingapeze ndi chikuto chokongola.

Tsopano funso lanu lomaliza, lotumiza kwina pamene mukudikira. Yankho ndi ayi. Pepala likakanidwa muli mfulu kulipititsa kulikonse tsiku lomwelo, koma mukangochita apilo, labwereranso m'manja mwa magazini yoyamba, ndipo kulitumiza kwina ndi kulipereka ku magazini awiri nthawi imodzi, chinthu chimene malangizo a ICMJE amaletsa ndipo inu mudzasainira kuti simunachite. Zimaululika mosavuta kuposa mmene anthu amaganizira, chifukwa akatswiri a nkhani imodzi ndi ochepa ndipo wowunika mmodzi angalandire pepala lomwelo kuchokera ku magazini onse awiri. Zikatero onse awiri amalikana, ndipo ena amalembera yunivesite yanu. Choncho muyenera kusankha njira imodzi.

Kusiya apilo n'kupita kwina si kugonja. Mu 1937 magazini ya Nature inabweza kalata ya kafukufuku ya Hans Krebs yofotokoza mmene maselo amapezera mphamvu kuchokera ku chakudya, ponena kuti inali ndi makalata okwanira masabata angapo; iye anatumiza ntchitoyo ku Enzymologia, ndipo mu 1953 analandira mphoto ya Nobel. Mu 1964 Physics Letters inakana pepala la Peter Higgs, ndipo iye analiwonjezera pang'ono n'kulitumiza ku Physical Review Letters, kumene linasindikizidwa chaka chomwecho. Sindikunena kuti pepala lililonse lokanidwa ndi la Nobel. Mfundo ndi yakuti onse awiri anaona kuti nthawi yawo ipindula kwambiri pa khomo lina. Chenjezo n'lakuti changu cha kukwezedwa chisakugwetsereni m'magazini achinyengo amene amatumiza maimelo olonjeza kusindikiza m'masiku ochepa mukalipira. Yang'anani magazini pa DOAJ, mndandanda wa pa intaneti wa magazini owerengedwa mwaulere amene anayesedwa, kapena pa African Journals Online, mutsate mafunso a Think. Check. Submit. othandiza kuzindikira magazini yodalirika, ndipo mufunse ku ofesi yoona za kafukufuku pa yunivesite yanu ngati magaziniyo imawerengedwa pa kukwezedwa.

Chiweruzo changa pa nkhani yanu ndi ichi. Ngati kalata ya mkonzi yatsamira pa chilolezo, ndipo m'gulu lija la ndemanga zimene simungakonze mulibe cholemera, chitani apilo, chifukwa mwayi ulipo, komanso mawu akuti munachita kafukufuku pa odwala popanda chilolezo si oyenera kusiyidwa m'mafayilo a magazini iliyonse osayankhidwa. Ngati yatsamira pa zina, konzani pepala pogwiritsa ntchito ndemanga zoona za owunika onse awiri, lembani chiganizo cha chilolezo mokwanira kuti wina asakayikenso, litumizeni kwina, ndipo kwa mkonzi woyamba mungotumiza mawu achidule okonza cholakwacho pamodzi ndi makalata achilolezo, mukunena momveka kuti si apilo. Mukasankha apilo, dziikireni malire a nthawi poyang'ana tsiku lotsekera mapempho a kukwezedwa, ndipo m'kalata mufunse mwaulemu kuti yankho lingatenge nthawi yaitali bwanji. Malirewo akakwana popanda yankho, lembani kuti mukuchotsa apilo yanu, tchulani nambala ya pepala, tumizani kwa mkonzi ndi ku ofesi ya magazini, olemba anzanu alandirenso kope, ndipo pemphani kuti atsimikize. Akatsimikiza, tumizani kwina. Akakhala chete, akumbutseni kamodzi, mutchule tsiku limene mudzaone kuti nkhaniyo yatsekedwa, musunge maimelo onsewo, ndipo potumiza ku magazini yatsopano muwauze akonzi ake m'kalata yoperekeza kuti munachotsa apilo kwina pa tsiku lakuti ndipo umboni muli nawo.